ncdu: kapulogalamu kofufuzira chimene chadzaza disiki ya seva

Seva ikadzaza imayamba zachilendo. MySQL imazima yokha, imelo zimabwerera kwa eni ake, webusaiti imaonetsa uthenga wa vuto wa 500, ndipo mukalowa pa SSH n'kudina Tab kuti bash ikumalizireni dzina la fayilo, nayonso imayankha kuti `No space left on device`. Mukalemba `df -h` mupeza mzere wa `/` uli pa 100%. Pamenepo df yamaliza mbali yake: yakuuzani kuti malo atha, koma chimene chawadya ilibe nacho ntchito.

ncdu inapangidwira funso limeneli. Dzina lake lonse ndi NCurses Disk Usage, anailemba ndi Yoran Heling wa ku Netherlands, inatuluka koyamba mu 2007, ndipo ndi yaulere pansi pa layisensi ya MIT. Imayenda mu terminal momwemo, sifuna desktop kapena mausi. Imawerenga mafoda onse kamodzi, n'kuwandandalika kuyambira wamkulu kutsika m'munsi, inu n'kumangolowa ndi kutuluka ndi mivi ya pa kiyibodi. Maganizo anga pa iyo ndi awa: iyenera kuikidwa pa seva iliyonse ya Linux tsiku lomwe sevayo yakhazikitsidwa, disiki isanadzaze. Koma ndi chida choonera, osati chofufutira, ndipo nambala yake musamaikhulupirire musanaifanizire ndi ya df.

Kuika n'kosavuta. Pa Debian ndi Ubuntu ndi `apt install ncdu`. Pa Rocky Linux, AlmaLinux ndi anzawo a banja la Red Hat imakhala mu EPEL, nkhokwe ya mapulogalamu owonjezera, choncho muyambe ndi `dnf install epel-release` kenako `dnf install ncdu`. Vuto limabwera mukaikumbukira disiki itadzaza kale, chifukwa apt nayonso imafuna malo olembapo. Kawirikawiri `apt clean` imapezetsa malo okwanira pochotsa mapaketi akale mu `/var/cache/apt/archives`. Zikakanika, patsamba la wolembayo pali fayilo imodzi yokonzeka kale yosadalira china chilichonse. Ikopereni ndi scp ku `/dev/shm`, komwe ndi mu RAM osati pa disiki, muipatse `chmod +x` n'kuiyendetsa komweko. Seva zina zokhwimitsidwa chitetezo zimaletsa kuyendetsa pulogalamu mu `/dev/shm`, ndiye mukakanizidwa musadabwe.

Pali mibadwo iwiri ya ncdu. Ya 1.x inalembedwa mu C, ndipo ndi imene mupeze pa Debian 12 ndi Ubuntu 24.04. Ya 2.x inalembedwanso mu Zig n'kutuluka kumapeto kwa 2021. Imadya RAM yochepa kwambiri poyerekeza ndi yakale, imawerengera bwino ma hard link (fayilo imodzi yokhala ndi maina angapo), ndipo kuyambira 2.5 imatha kusanthula mafoda angapo nthawi imodzi. Pa VPS wamba (seva yobwereka pa intaneti) kusiyanaku simukumva. Musavutike n'kusaka 2.x pokhapokha mafayilo anu afika mamiliyoni ambiri.

Lamulo loyambira ndi ili:

`sudo ncdu -x /`

Zonse ziwiri, sudo ndi `-x`, zili ndi chifukwa. Popanda sudo mafoda ngati `/var/lib/mysql` ndi `/var/lib/docker` satseguka, ndipo ncdu imangoika chizindikiro cha `!` pambali pake n'kupitirira. Choipa n'chakuti mafoda amenewa ndi amene nthawi zambiri amakhala olakwa, ndiye munthu amaona 9 GiB pa disiki yodzaza ya 50 GB n'kuyamba kukanda mutu. `-x` imauza ncdu kuti isawoloke kupita ku filesystem ina. Mukaiiwala imalowa mu `/proc` ndi `/sys`, imakawerenga disiki ya backup yomwe ili pa `/mnt`, imakakwawa pa NFS kwa ola lathunthu, ndipo pa seva ya Docker imawerenga kawiri mafayilo a makontena amene akuyenda. Ngati df yaonetsa kuti yodzaza ndi `/var` kapena `/home` yomwe ili pa partition yakeyake, lozani komweko: `sudo ncdu -x /var`.

Nthawi yosanthula imadalira kuchuluka kwa mafayilo, osati kukula kwawo. Disiki ya 500 GB yodzaza ndi mavidiyo mazana angapo imatha m'masekondi. Ya 20 GB yokhala ndi timafayilo mamiliyoni asanu pa hard disk yozungulira ingakudikiritseni mpaka tiyi kuzizira, chifukwa fayilo iliyonse imafunsidwa payokha. Mukabwereza nthawi yomweyo zimathamanga, poti kernel imakhala itasunga mayankho mu RAM. Pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito masana, yambitsani ndi `sudo nice -n 19 ionice -c 3 ncdu -x /` kuti database isapanikizike, ngakhale ionice imamveka pa ma scheduler ena okha a disiki. Ngati mukulowa pa SSH ndi bandulo ya pafoni ndipo netiweki ikudukaduka, onjezani `-q`: m'malo mosintha sikirini kakhumi pa sekondi, imasintha kamodzi pa masekondi awiri. Ndipo yendetsani mu tmux kapena screen, kuti kulumikizana kukaduka musayambirenso.

Ikamaliza, chimene mukuona chimakhala chotere. Ichi n'chitsanzo cha `/var` pa VPS ya 50 GB:

```
--- /var -------------------------------
   31.4 GiB [##########] /lib
    4.0 GiB [#         ] /log
  912.0 MiB [          ] /cache
   64.0 KiB [          ] /spool
e   4.0 KiB [          ] /opt
```

Enter kapena muvi wakumanja mumalowa, muvi wakumanzere mumatuluka. Kudina katatu kapena kanayi, kuchoka pa `/` kupita `/var`, `/var/lib`, `/var/lib/mysql`, mwafika kale pa wolakwa. Apa m'pamene ncdu imaposa `du`. Ndi du mumalemba `du -xh --max-depth=1 / | sort -h`, kudikira, kuona kuti ndi `/var`, kulembanso, kudikiranso. ncdu imawerenga kamodzi basi.

Mabatani ake ndi ochepa, ndipo `?` imawaonetsa onse. Oyenera kuloweza ndi `s` yondandalika potengera kukula, `n` potengera dzina, `g` yoonetsa maperesenti, `i` yoonetsa zambiri za fayilo imene mwaloza, `r` yowerenganso foda yomwe mulimo mukachotsa zinthu kumbali, ndi `b` yokutsegulirani shell mu foda yomweyo. Iyi ya `b` ndi yothandiza kuposa mmene imaonekera: mwapeza fayilo yaikulu, mwadina `b`, mwaiyang'ana ndi `tail` kapena `lsof`, mwalemba `exit`, mwabwerera pomwe munali. Mukayambitsa ndi `-e`, ncdu imasunganso mwini fayilo ndi tsiku lomwe inasinthidwa komaliza, ndiye `m` imaonetsa masikuwo ndipo `M` imandandalika potengera iwo. Fayilo ya 12 GiB yomwe inakhudzidwa komaliza zaka ziwiri zapitazo ndi nkhani ina. Ya 12 GiB yomwe yasintha mphindi yomwe ino ndiye kuti ikukulabe inu mukuyang'ana.

Zizindikiro za kumanzere kwenikweni anthu ambiri saziwerenga, chikhalirecho zimanena ngati nambalayo ndi yodalirika. `!` ndiye kuti foda sinatseguke. Kadontho `.` ndiye kuti m'kati mwake muli foda ina imene sinatseguke, choncho nambala ndi yoperewera. `>` ndi filesystem ina imene `-x` yaidumpha, `<` ndi chimene mwachipatula nokha ndi `--exclude`, `@` ndi symlink kapena socket, `H` ndi hard link yowerengedwa kale, ndipo `e` ndi foda yopanda kanthu.

Pali batani lina, `a`, lofunika kulimvetsa bwino. ncdu imayamba n'kuonetsa malo enieni amene fayilo yatenga pa disiki. Batani la `a` limasinthira ku kukula kumene fayiloyo imadzinenera, komwe `ls -l` imaonetsa. Ziwirizi zimasiyana mbali zonse. Pa ext4 buloko imodzi nthawi zambiri ndi 4 KiB, choncho kafayilo ka mabaiti 200 kamatengabe 4 KiB yonse, ndipo timafayilo miliyoni imodzi totere timadya pafupifupi 4 GB ngakhale zolembedwamo zili 200 MB zokha. Mbali inayo kuli mafayilo okhala ndi mipata m'kati, monga madisiki a makina a KVM ndi `/var/log/lastlog`. Pa seva yolumikizidwa ku LDAP kapena Active Directory, komwe manambala a ogwiritsa ntchito amakhala aakulu kwambiri, lastlog imatha kuoneka ya magigabaiti mazana pa `ls` pomwe pa disiki yatenga makilobaiti ochepa. Kuifufuta sikubweza malo alionse. Pofufuza chodzaza disiki, khalani pa malo enieni. Kumbukiraninso kuti ncdu imawerenga mu GiB ya 1024, ndiye disiki yogulitsidwa ngati 500 GB imaoneka 465 GiB; `--si` imasinthira ku 1000.

Batani la d

Chimene sindichikonda pa ncdu ndi `d`. Imafufuta fayilo kapena foda yonse imene mwaloza. Imafunsa kamodzi, ndipo pa mayankho ake pali lakuti isadzafunsenso. Palibe bini yoti mukatolemo. Pa laputopu yanu palibe vuto, koma pa seva, munthu ali root, usiku, bwana akuimba foni, ndipo fayilo yaikulu kwambiri ili pamwamba pa mndandanda itawalitsidwa kale, batani limeneli lili pafupi mopitirira muyezo. Mafayilo aakulu a pa seva pafupifupi onse ali ndi pulogalamu imene imawasunga m'kaundula wake, ndipo kuwachotsa pulogalamuyo osadziwa n'kuputa vuto lalikulu kuposa la malo. Yambitsani ndi `-r` kuti `d` isagwire ntchito. Mukalemba `-rr` imatsekanso `b`. Ma veshoni atsopano amawerenga `/etc/ncdu.conf`, momwe mungalembe `--disable-delete` pa mzere wakewake kuti zikhale choncho kwa aliyense. Kudalira alias n'kosathandiza kwenikweni, chifukwa mukalemba sudo patsogolo alias ya dzina lotsatiralo siwerengedwa.

Zimene ncdu imakonda kuvumbula ndi zomwezomwezo, ndipo chilichonse chili ndi kachotsedwe kake.

Mu `/var/lib/mysql` mukapeza mafayilo `binlog.000231`, `binlog.000232` ndi anzawo, aliyense pafupifupi 1 GiB, amenewo ndi ma binary log. MySQL 8.0 imabwera atayatsidwa kale ndipo imawasunga masiku 30, zomwe pa database yotanganidwa zimakwana kudzaza VPS yaing'ono. Achotseni muli m'kati mwa MySQL: `PURGE BINARY LOGS BEFORE NOW() - INTERVAL 3 DAY;`, kenako muchepetse `binlog_expire_logs_seconds`, mwachitsanzo 604800 ya masiku 7. Mukawachotsa ndi `d` kapena rm, fayilo ya `binlog.index` imatsala ikutchula mafayilo omwe kulibe. Ngati muli ndi replica (seva ina yokopera database yomweyo), onani kaye pamene yafika, chifukwa mukachotsa log imene sinaiwerenge muyenera kuimanganso. Ndipo `ibdata1` musaikhudze n'komwe. Sichepa ngakhale mufufute matebulo, koma kuichotsa n'kuwononga database.

Pa PostgreSQL foda yotupa imakhala `pg_wal`, yomwe isanafike veshoni 10 inkatchedwa `pg_xlog`. Dzina lakalelo linapusitsa anthu ambiri amene ankaganiza kuti ndi ma log wamba. Si ma log owerenga, ndi mbali ya database yeniyeniyo. Ikamakula osaleka, kawirikawiri pali replication slot imene replica yake inafa kalekale, kapena `archive_command` ikulephera. Funsani `SELECT slot_name, active FROM pg_replication_slots;`, chotsani slot yakufayo ndi `pg_drop_replication_slot`, ndipo PostgreSQL idzayeretsa yokha pa checkpoint yotsatira. Kuyambira veshoni 13 pali `max_slot_wal_keep_size` yoikira malire.

Pa `/var/log/journal`, systemd imadzipatsa 10% ya filesystem koma osapitirira 4 GiB. Pa disiki ya 25 GB zimenezo ndi 2.5 GB za ma log amene palibe amawawerenga. `journalctl --disk-usage` imaonetsa kukula, `journalctl --vacuum-size=500M` imachepetsa, ndipo `SystemMaxUse=500M` mu `/etc/systemd/journald.conf` imaletsa kuti zibwerere.

Docker ndi pamene ncdu imathandiza theka lokha. Ikuonetsani kuti `/var/lib/docker/overlay2` ndi 20 GiB, koma m'katimo muli mafoda a maina a zilembo ndi manambala ataliatali osakuuzani kuti ndi a image iti. Pamenepo tulukani, mufunse `docker system df -v`. Lamulo la `docker system prune` limachotsa makontena oima, ma image opanda dzina ndi zotsalira za build. Mukaonjeza `-a` limachotsanso image iliyonse yopanda kontena. Ya `--volumes` ndi yoopsa chifukwa ma database ambiri amakhala m'ma volume. Chimene ncdu imaonetsa bwino pa Docker ndi ma log a makontena, mafayilo othera ndi `-json.log` mu `/var/lib/docker/containers`. Docker siwaikira malire pokhapokha mutaiuza, ndiye kontena imodzi yolongolola imatha kulemba magigabaiti makumi. Chepetsani fayiloyo ndi `truncate -s 0`, kenako mu `/etc/docker/daemon.json` muike `max-size` ya `50m` ndi `max-file` ya `3` pansi pa `log-opts`. Malirewa amagwira makontena opangidwa pambuyo pake okha. Akale muyenera kuwapanganso, kungowazimitsa n'kuwayatsa sikukwanira.

Zina zonse n'zazing'ono: ma kernel akale mu `/boot` amachoka ndi `apt autoremove --purge`, ma core dump ali mu `/var/crash` kapena `/var/lib/systemd/coredump`, ndiponso ma `backup.tar.gz` ndi `dump.sql` amene wina anaiwala mu `/root` kapena `/tmp`. Ma core dump ndi ma backup oiwalikawa okha ndi amene `d` imawayenera.

Pamene ncdu siona

ncdu imawerenga mafayilo okhala ndi dzina mu foda. df imafunsa filesystem kuti mabuloko angati atengedwa. Choncho ncdu ikangomaliza, yang'anani `Total disk usage` pansi pa sikirini muifanizire ndi `Used` ya df. Kusiyana kwa gigabaiti imodzi kapena kucheperapo n'kwachibadwa. Koma df ikati 44G, ncdu n'kuti 19 GiB, lekani kufufuza m'mafoda, chifukwa chimene mukufunacho mulibemo.

Choyamba kuganizira ndi fayilo yofufutidwa koma yotsegulidwabe. Pa Linux, rm imachotsa dzina lokha. Mabuloko amamasuka pulogalamu yomaliza imene inatsegula fayiloyo ikaitseka. Zili ngati kufufuta dzina la lendi m'buku la landilodi iye akadali m'nyumbamo ndi katundu wake. Zimachitika motere: wina waona `access.log` ya 25 GiB, waichotsa, df sinasinthe, ndipo nginx kapena pulogalamu ya Java ikupitiriza kulemba mu fayilo yomwe tsopano palibe angaione, ncdu yomwe. Chida chake ndi lsof:

`sudo lsof -nP +L1`

Chimaonetsa mafayilo amene alibe dzina lotsala. Mupeza mzere wokhala ndi dzina la pulogalamu, PID monga 1432, FD monga `5w`, kukula kwake, ndi mawu akuti `deleted` kumapeto. Njira yabwino ndi kuiuza pulogalamuyo itsegulenso ma log ake, monga `systemctl reload nginx`, kapena kuiyambitsanso. Ngati singaimitsidwe masana, `sudo truncate -s 0 /proc/1432/fd/5` imakhuthula fayiloyo pomwepo ndipo malo amabwerera nthawi yomweyo. Chitani izi pa ma log okha. MySQL ndi mapulogalamu ena amasunga dala mafayilo osakhalitsa m'njira imeneyi, ndipo kuwakhuthula n'kuwononga ntchito imene ili m'kati. Mfundo yomweyi ndi imene imachititsa kuti log yaikulu yomwe ikulembedwabe izichepetsedwa ndi truncate osati kufufutidwa, ndiponso kuti logrotate ikhale ndi `postrotate` youza pulogalamu kapena `copytruncate`.

Chachiwiri ndi mafayilo obisika pansi pa mount, ndipo kumene magetsi amathimathima ili ndi vuto lodziwika. Seva yayakanso, disiki ya backup kapena NFS sinalumikizike pa `/mnt/backup`, koma cron (choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) ya usiku yayenda monga mwa nthawi zonse n'kuthira magigabaiti 20 mu foda ya `/mnt/backup` yomwe ili pa disiki yaikulu. M'mawa wina walumikiza disiki ya backup, ndipo mafayilo aja aphimbika. ncdu ndi `-x` imangoika `>` pamenepo; popanda `-x` imakuonetsani za pa disiki inayo. Kuti muone pansi pake simufunika kuchotsa mount:

```
sudo mkdir /run/muzu
sudo mount --bind / /run/muzu
sudo ncdu -x /run/muzu
sudo umount /run/muzu
```

`--bind` imaonetsa filesystem ya `/` yokha popanda zolumikizidwa pamwamba pake, ndiye `/run/muzu/mnt/backup` ikakhala ndi zinthu, mwapeza. Kuti zisachitikenso, mzere woyamba wa script ya backup ukhale `mountpoint -q /mnt/backup || exit 1`.

Chachitatu sichisiyanitsa ncdu ndi `Used`, koma chimasokoneza masamu. ext4 imasungira root 5% ya mabuloko, n'chifukwa chake pa df `Used` kuphatikiza `Avail` sizikwana `Size`, ndipo n'chifukwa chakenso root amatha kulemba pamene MySQL yakanizidwa kale. Pa 50 GB ndi 2.5 GB, pa disiki ya 2 TB ndi 100 GB. `sudo tune2fs -m 1 /dev/sdb1` imatsitsa kufika 1% seva ikuyenda, mutaika dzina lenileni la disiki yanu. Pa disiki yongosungira mafayilo n'zanzeru. Pa `/` musafike pa 0, chifukwa malo amenewo ndi amene amakulolani kulowa n'kukonza zinthu zikavuta. XFS, yomwe banja la Red Hat limagwiritsa ntchito, ilibe zimenezi.

Pa Btrfs ndi ZFS nambala za ncdu muzizitenga mosamala. Ma snapshot amasunga mabuloko a mafayilo amene munafufuta kale, ndipo mafayilo awiri amatha kugawana mabuloko ncdu osadziwa. Funsani `zfs list -o space` kapena `btrfs filesystem usage /`. Pa Btrfs, `-x` imatenganso subvolume iliyonse ngati filesystem ina n'kuidumpha.

Pali vuto linanso limene limabwera ndi uthenga womwewo wa `No space left on device` pomwe df ikuonetsa 60% yokha. Atha ndi ma inode, tikaundula tosunga mbiri ya fayilo iliyonse, osati malo. ext4 imakhazikitsa chiwerengero chawo disiki ikamakonzedwa, ndipo fayilo iliyonse imatenga imodzi ngakhale ikhale yopanda kanthu. `df -i` imatsimikiza. Apa ncdu imachita bwino kwambiri ngati mukudziwa mabatani awiri: `c` yaing'ono imaonetsa kuchuluka kwa zinthu mu foda iliyonse, `C` yaikulu imandandalika potengera kuchulukako. Olakwa nthawi zambiri ndi `/var/lib/php/sessions` pamene cron yoyeretsa inasiya kuyenda, mzere wa imelo mu `/var/spool/postfix` pamene fomu ya pa webusaiti yagwidwa ndi otumiza spam, kapena foda ya cache ya pulagini ya WordPress. Foda yotere `rm *` imakana ndi `Argument list too long`. Gwiritsani ntchito `find /var/lib/php/sessions -type f -mtime +2 -delete`, ndipo za Postfix zichotsedwe ndi `postsuper`.

Mbali imene ambiri saidziwa, yomwe kwa ine ndi imene imaika ncdu patsogolo pa zinzake, ndi yosunga zotsatira mu fayilo. `-o` imalemba zonse mu JSON, `-f` imaziwerenga. Zikutanthauza kuti mungasanthule pa seva n'kumayang'ana pa laputopu yanu, seva osalembapo kanthu:

`ssh -C root@seva ncdu -x -o- / | ncdu -f-`

Mukatero mivi imayankha nthawi yomweyo ngakhale intaneti ili yofooka, poti zonse zili kale kwa inu, ndipo `d`, `r` ndi `b` sizigwira ntchito pa zotsatira zochokera mu fayilo, zomwe ndi chitetezo chaulere. Njira yomweyi imapulumutsa VPS ya RAM ya 1 GB yokhala ndi mafayilo mamiliyoni ambiri, chifukwa ncdu ikamalemba kunja siunjika mndandanda wonse mu RAM monga imachitira ikamaonetsa pa sikirini. Mungaikenso mu cron kamodzi pa sabata: `ncdu -0 -x -o- / | gzip > /var/backups/ncdu-$(date +\%F).gz`, pomwe `-0` imaitontholetsa ndipo `%` iyenera kukhala ndi `\` patsogolo mu crontab. Tsiku la vuto mumatsegula ya sabata yatha ndi `zcat` n'kuipatsira `ncdu -f-` pa windo lina, ya lero pa lina. Chosowa n'chakuti ncdu payokha siitha kufanizira mafayilo awiriwo n'kukuuzani chimene chakula. Mumafanizira ndi maso. Ichi ndi chimene ndikanakonda chitawonjezedwa, chifukwa pa seva funso lenileni nthawi zambiri silikhala lakuti chachikulu n'chiti, koma lakuti chakula n'chiti.

Za ma backup a rsnapshot kapena `rsync --link-dest`, momwe fayilo imodzi imaoneka m'mafoda 30 kudzera mu hard link: pa 1.x n'kovuta kudziwa malo amene mupeze mukachotsa foda imodzi. 2.x ili ndi gawo loonetsa malo ogawana ndi a foda yokhayo, losinthidwa ndi `u`. Amene amasunga ma backup otere ali ndi chifukwa chomveka chotengera 2.x.

Zopikisana nayo zilipo. gdu, yolembedwa mu Go, imaoneka pafupifupi chimodzimodzi ndipo inapangidwira SSD, imasanthula mafoda ambiri nthawi imodzi. Pa NVMe imaisiya kutali ncdu 1.x. Koma ncdu 2.5 kupita m'tsogolo ili ndi `-t`, monga `-t 4`, ndipo mpata umachepa kwambiri. Pa hard disk yozungulira kusanthula kotere sikupindulitsa, chifukwa mutu wowerenga ndi umodzi ndipo umangodumphadumpha. dust, ya mu Rust, imasindikiza mtengo wa mafoda kamodzi n'kutuluka, yabwino poika zotsatira mu tiketi kapena imelo koma simungalowe m'kati. duc imasunga zotsatira mu database yake ndipo ndi yoyenera seva zosungira mafayilo zikuluzikulu, zomwe kuzisanthula kumatenga usiku wonse. Pa makina a kasitomala amene simuloledwa kuikapo kanthu, du ndi `find / -xdev -type f -size +500M -exec ls -lh {} +` zimafikitsa pomwepo, mochedwerapo chabe.

ncdu siyang'anira disiki ndipo situmiza chenjezo, choncho pambali pake pamafunikabe china chokudziwitsani disiki ikafika 80%, kaya Zabbix, Prometheus ndi node_exporter, kapena ka script ka cron kowerenga `df -P` ndi `df -Pi` n'kutumiza imelo. Chenjezolo liziyang'ana malo ndi ma inode onse awiri, ndipo imelo yake izituluka kudzera pa seva ina, chifukwa Postfix ya pa seva yodzazayo imakana kulandira uthenga ikasowa polemba.